Kwa mng'ono wanga wobena zimbale ku Garden

Wokondedwa mng'ono wanga,

Kalatayi ndaiika poyera dala, chifukwa nkhani yake si ya kantemba kako kokha. Anzako ambiri obena zimbale, kuyambira mu Katima Mulilo Road mpaka ku City Market, amapunthwa pa nkhani ya ma subtitle, ndipo kasitomala akafika kunyumba amangoti pleya yake ndiyo yakalamba.

Zimbale za kanema wa agogo, uja tinajambula ku Katete akufotokoza mbiri ya mtundu wathu, zinafika. Chithunzi ndi choyera, mawu akumveka bwino, ntchito unaigwira. Koma ma subtitle ndinakutumizira aja mulibe. Azakhali, amene makutu anagontha kale, anangokhala n'kumayang'ana milomo ya mayi awo. Ana a mlongo wathu ku Johannesburg, amene Chichewa chawo chimathera pa moni, anaonera pang'ono n'kubwerera ku mafoni awo. Anthu amenewa ndiwo ndinkawaganizira polemba mawu aja.

Ndikudziwa uti pa kompyuta yako ankaoneka. Ankaonekadi. Kanema ndi mawu olembedwawo ndi mafayilo awiri osiyana, ina ya MP4, ina ya SRT, koma zikakhala mu foda imodzi ndi dzina lofanana, VLC imazigwirizanitsa yokha osakuuza, iwe n'kumayesa ndi chinthu chimodzi. Tatsegula SRT ija ndi Notepad uone. Muli nambala ya mzere, nthawi yoyambira, nthawi yothera, ndi mawu ake, basi. Pamene unasandutsa MP4 kukhala DVD, SRT inatsala pa kompyuta.

DVD siwerenga malemba. Ma subtitle ake ndi tizithunzi tosanjikidwa pamwamba pa kanema, ndipo chimbale chimodzi chimatha kunyamula mitundu 32 ya mawu olembedwa ndi mitundu 8 ya mawu omveka. Choncho pamafunika pulogalamu yoti isandutse SRT kukhala tizithunzi timeneti. DVD Flick ndi DVDStyler ndi zaulere, ndipo zonse zili ndi poikira SRT usanayambe kubena. Ukatero, woonera amadina batani la Subtitle pa rimoti n'kusankha chilankhulo.

Pa rimoti, ndatero. Ndi nyumba zingati mukomboni zimene rimoti ya pleya ikadalipo? Kwina ana anaitaya, kwina mabatire anapita mu wayilesi. Ndiye kwa azakhali njira imeneyi sindikuifuna. Gwiritsa ntchito HandBrake, ulowetse SRT, usankhe Burn In, kuti mawuwo akhale mbali ya chithunzi chenichenicho, kenako fayilo yotulukayo ndiyo uisandutse DVD. Zili ngati geti la anzako owotcherera a m'mbali mwa Katima Mulilo Road: akawotcherera wawotcherera, sungalichotsenso. Kuipa kwake n'koti chilankhulo chimakhala chimodzi. Palibe kanthu, bena zimbale ziwiri, cha Chichewa cha azakhali ndi cha Chingerezi cha ku Johannesburg. Chimbale chopanda kanthu sichingakusaukitse, ndipo 4.7 GB yake imanyamula kanema wa pafupifupi maola awiri osawononga chithunzi.

Njira yachidule yongokopera mafayilo pa chimbale uisiye. Mapleya ena olembedwa DivX amawerenga SRT yoyandikana ndi AVI, ena ayi, ndipo akale ambiri MKV saidziwa n'komwe.

Pali tinthu tina timene timawononga ntchito yabwino mwakachetechete. Agogo amayankhula Chichewa cha ku Katete, ndipo ndinalemba ŵ paliponse pamene akumveka. Ukasunga SRT uonetsetse kuti ili mu UTF-8, apo ayi chilembo chimenechi chidzatuluka ngati tizizindikiro topanda tanthauzo, "aŵa" ndi "ŵanthu" n'kusanduka zosawerengeka. Mawuwo usawaike m'munsi kwenikweni, pakuti ma TV akale a chimsana aja amadula m'mphepete mwa chithunzi. Zilembo zikhale zikuluzikulu, zoyera zozunguliridwa ndi zakuda. Maso a azakhali nawonso si a dzana. Ndipo samala liwiro. Kuno timagwiritsa ntchito PAL, zithunzi 25 pa sekondi, pamene mafilimu ambiri akunja amayenda pa 23.976. Pulogalamu ikafulumizitsa kanema n'kusiya mawu mmene analili, pakutha ola limodzi mawu amakhala atatsalira ndi mphindi ziwiri ndi theka. Poyamba pamaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake oyesa chiyambi chokha amanamizika.

Usaone ngati ndikulimbikira zachabe. Filimu ya Rungano Nyoni, I Am Not a Witch, ya mu 2017, muli Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga, koma inapata mphoto ya BAFTA ku London mu 2018, kwa anthu amene zilankhulo zimenezi anazimva kudzera m'mawu a pansi pa chithunzi. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Kasungu, inafika kutali ndi Chichewa chake mwa njira yomweyo. Sindikuti ukope mafilimu amenewa, lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 ukulidziwa, ndipo eni ake anakhetsa thukuta. Kanema wa agogo ndi wathu, tingabene zimbale zochuluka mmene tingafunire.

MP4 ndi ma SRT onse awiri usafufute. Uziike pa fulashi, ina unditumizire, chifukwa zimbale zimakandika ndipo malaputopu atsopano ambiri alibe poikira chimbale. Ubene nthawi imene malaiti akhazikika, pa liwiro lotsika.

Ukamaliza, upite ndi chimbale cha azakhali kwa aneba amene ali ndi TV yakale, uzimitse mawu, uonere poyamba, pakati ndi pothera. Ngati nkhani ya agogo ukuitsata ndi maso okha, ukachipereke pa basi ku Intercity. Chifike kuno Ogasiti asanathe, pakuti abale adzasonkhana popita ku Kulamba ku Mkaika ndipo azakhali adzakhalapo.

Upereke moni kwa onse.

Ndine mkulu wako,
ku Chipata