Impso Zikafooka, Mafupa Nawonso Amadyeka

Ife amene timasamalira odwala impso pakhomo tinazolowera kuyang'ana kutupa kwa miyendo ndi kuthamanga kwa magazi. Mafupa sitiwaona, komatu nawonso amakhala akutha pang'onopang'ono.

Impso zabwinobwino zimachotsa m'magazi mchere wa phosphorus ukachuluka, komanso zimakonza vitamini D kuti athandize matumbo kuyamwa kashiamu. Zikafooka, phosphorus amaunjikana, kashiamu n'kuchepa. Zikatero, tiziwalo tinayi ta m'khosi, kuseri kwa chithokomiro, timatulutsa mahomoni okakamiza thupi kutapa kashiamu m'mafupa. N'chifukwa chake mayi athu amadandaula msana ndi chiuno, ndipo timaopa akangoterereka m'bafa. Choopsa china n'chakuti mcherewu umakakanirira m'mitsempha ya magazi n'kuiumitsa, mtima n'kumavutika.

Ntchito yathu yaikulu ili kukhitchini. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti mkaka ndi usipa zimalimbitsa mafupa, ndipo kwa mwana wathanzi n'zoona ndithu. Koma zakudya zimenezi zili ndi phosphorus wambiri, choncho kwa wodwala impso timachita kupima. Zakumwa za kola ndi masoseji ndiye tinazitsanzika, popeza phosphorus wothiramo kufakitale amalowa m'magazi pafupifupi yense. Wa mu nyemba ndi mtedza amalowa wocheperapo, ngakhale kuti nyembazo zili ndi potaziyamu, motero muyezo wake amatiuza ndi achipatala akayeza magazi.

Mapiritsi ogwira phosphorus, monga calcium carbonate, timawaika pambali pa mbale ya nsima, chifukwa akamwedwa m'mimba mulibe kanthu sapeza choti agwire.