Kusamala masensa a mpweya wa m'matayala

Sensa ya TPMS ndi kachipangizo kokhala m'kati mwa tayala, kogwirana ndi tsinde la vavu. Imayeza mpweya n'kutumiza uthengawo ku kompyuta ya galimoto popanda waya: zambiri za ku America zimayendera 315 MHz, za ku Ulaya 433 MHz, choncho nthawi zambiri sensa ya uku siigwira uko. Ku America lamulo lidafuna kuti galimoto zing'onozing'ono zatsopano zonse zikhale ndi njira yochenjeza za mpweya wa m'matayala kuyambira mu 2007, potsatira ngozi za matayala a Firestone pa Ford Explorer. Mayiko a European Union adatsatira mu 2014.

Nyale ya TPMS ya padashibodi ikayaka n'kukhazikika, ndiye kuti tayala lina laphwa, ndipo muyeso woyenera walembedwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. M'mawa wa mu Juni imatha kuyaka chifukwa cha kuzizira kokha. Koma ikayamba yaphethira kwa mphindi imodzi kenaka n'kukhazikika, vuto lili pa sensa, osati pa mpweya.

Masensa ena safa ndi ukalamba, amafera m'manja mwa womata matayala. Chitsulo chotsegulira tayala chikalowa pafupi ndi vavu, sensa imathyoka osamveka n'phokoso lomwe. Makaniko wodziwa ntchito amayamba kukanikiza tayala kutali ndi vavu, ndipo asanalichotse amafunsa kaye ngati muli sensa. Akabwezera amasintha kalabala kotchinga mpweya, nati ndi kapakati ka vavu. Pa tsinde la aluminiyamu, kapakatiko kayenera kukhala kokutidwa ndi nickel. Ka brass kamadyana ndi aluminiyamu mpaka kumamatirana, moti pomasula tsinde limaduka. Zivindikiro za vavu zachitsulo zonyezimira zija zimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake chapulasitiki, ngakhale sichikongola, ndicho chabwino. Natiyo simangidwa mwamphamvu ngati ya gudumu ayi. Nawo mankhwala othira m'tayala otseka pobooka amatha kutseka kabowo komwe sensa imayezera.

Batire ndi lomatiridwa m'kati, limatha pakati pa zaka 5 ndi 10, ndipo likatha amasintha sensa yonse. Yatsopanoyo iyenera kulembetsedwa ku kompyuta ya galimoto: galimoto zina zimaizindikira zokha zikayenda pang'ono, zina mpaka makina apadera.

Pali galimoto zina zopanda sensa m'tayala. Izo zimayerekeza liwiro la magudumu kudzera m'masensa a ABS, ndipo zimangofuna kuzikhazikitsanso pa batani kapena pa sikirini mwini wake akamaliza kupopa.