KAMBA WA KHANDA PA MSEU WA KUM'MAWA

Mseu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata ndi wotalika makilomita ngati 570, ndipo basi yoyenda bwino imatha maola 8 kapena kupitirira. Ife a kum'mawa timaudziwa mseu umenewu monga tidziwira njira ya kumunda. Ndiwo umatifikitsa kumaliro ndi kumaukwati, ku Nc'wala mwezi wa Febuluwale ndi ku Kulamba mwezi wa Ogasiti. Wamkulu aliyense adziwa kamba wake: wina nshawa zokazinga, wina mbatata yophika, wina angosunga ndalama kuti akagule nsomba pa Luangwa. Koma m'basimo mumakhala wapaulendo mmodzi amene sasankha kamba, sanena ngati cakudya casasa, ndipo ndiye woyamba kudwala pamene akulu talakwitsa. Ameneyu ndi khanda lomwa mkaka wa m'citini.

Tiyambe ndi coona ici: palibe kamba woposa bere la mai. Silifuna nkhuni, silisasa, ndipo liri lokonzeka ngakhale basi itafera pakati pa thengo. Azaumoyo amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo ngakhale mai amene ali ndi HIV, ngati akumwa mankhwala ake mokhulupirika, amalimbikitsidwa kuyamwitsa. Komabe m'mipingo yathu muli ana amene amai ao anatisiya pobereka, ena amai ao ali gone m'cipatala. Amene amanyamula ana otere pa basi ndi agogo, azakhali, nthawi zina bambo wamasiye. Tikaona botolo m'manja mwao tisathamangire kuweruza, pakuti sitidziwa maliro amene ali kumbuyo kwa botololo.

Ulendo umayamba kukali mdima pa Intercity. Wolera mwana amadzuka 3 koloko, nasungunula mabotolo atatu kapena anai, nawakulunga m'citenje kuti akhale ofunda njira yonse. Amatero mwa cikondi, koma ngozi yagona pomwepo. Ufa wa mkaka, ngakhale citini cikhale catsopano, ungakhale ndi tizirombo tocepa, makamaka tochedwa Cronobacter ndi Salmonella. Mu ufa wouma timangogona. Tikalowa mu mkaka wofunda timadzuka ndi kuswana, ndipo pa kutentha konga kwa thupi la munthu ciwerengero cao cimawirikiza mkati mwa theka la ola. Ncifukwa cace malangizo amene mabungwe a WHO ndi FAO anatulutsa mu 2007 amanena kuti mkaka wosungunula umwedwe asanathe maola 2, ndipo wopitirira pamenepo utayidwe. Tsono tawerengani: botolo lokonzedwa 4 koloko latha nchito 6 koloko, pamene basi mwina yangodutsa bwalo la ndege, isanafike ndi pa Chongwe pomwe. Mseu wathu ndi wautali kanai kuposa moyo wa botolo limodzi.

Nzeru yace ndi kulekanitsa madzi ndi ufa kufikira mwana atamva njala. M'cola mukhale fulasiki yoitsuka bwino, yodzaza mpaka pakamwa ndi madzi amene angowira kumene, popeza fulasiki yodzaza imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa ya theka. Mukhalenso mabotolo opanda kanthu, owiritsidwa kunyumba ndi kutsekedwa, limodzi pa kumwa kulikonse. Khanda laling'ono limamwa pafupifupi maola atatu alionse, motero mabotolo anai akwanira, koma wanzeru amaonjezapo awiri, cifukwa basi ikathyoka sifunsa ngati muli mwana. Ufa ukhale m'citini cace cotseka zolimba, kapena muupimiretu m'timabotolo touma. Pomaliza, sopo, botolo lalikulu la madzi ozizira ndi kabakuli. Cola cimeneci cikhale pamiyendo panu. Cisapite pansi pa basi pamodzi ndi matumba a feteleza, ndiponso cisatsamire pa zenera la dzuwa.

Mukapitirira Rufunsa dziko limasintha. Mseu umayamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo ngakhale olongolola amakhala cete, amai ena natulutsa korona. Kutsikira m'cigwa mphepo yolowa pa zenera imasanduka yotentha ngati yocokera m'ng'anjo. Mwezi wa Okutobala kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 35. Pano si potsegulira fulasiki. Madzi otentha akatayikira pa khungu la khanda amasiya bala la moyo wonse. Ngati mwana walira ndipo simungathe kudikira, pemphani kondakitala kuti aimike pa malo abwino, ndipo wina agwire mwana pamene inu mukuthira.

Malo oima amene tonse timawadziwa ndi pa msika wa pa Luangwa, pafupi ndi ulalo waukulu umene unatsegulidwa mu 1968. Pamenepo pali nsomba zouma zoyalidwa m'mizere, madengu ndi mphasa zolukidwa mwaluso, fungo la mafuta okazingira, ndi nchenche zosawerengeka. Pansi mtsinje ukuyenda mwakacetecete kukakumana ndi Zambezi. Basi imaima mphindi zocepa, ndiye dongosolo liyenera kukhala m'mutu. Sambani m'manja ndi sopo. Thirani madzi a m'fulasiki m'botolo kufika pa mzere woyenera. Madzi ayambe, ufa utsatire. Madziwo akhale akali otentha madigiri 70 kapena kuposa, pakuti kutentha kumeneko ndiko kumapha tizirombo ta mu ufa. Pimani ufa ndi kasupuni ka m'citini momwemo, kosefukira ai, koperewera ai, monga mwalembedwera pa citini. Tsekani, khutchumulani, ndipo imikani botolo m'kabakuli ka madzi ozizira, madziwo asafike pa cotsekera. Donthezani pang'ono mkati mwa dzanja lanu, pamwamba pa cikhatho: mkaka umveke wofunda cabe, osati wotentha.

Pa msika womwewo ndinaonapo agogo ena ali ndi kamdzukulu ka miyezi iwiri, akucokera ku maliro a mwana wao wamkazi. Fulasiki yao inali itazirala. Mai wina wogulitsa tiyi anati, "Amama, bweretsani kuno. Amene ali m'ketulowa akhalitsa, ndikuwiritsirani ena inu mukuona." Anakoleza mbaula, madzi anabwadamuka, nadzaza fulasiki, ndipo agogo potulutsa ndalama iye anakana. "Sungani, mukagulire mwana sopo." Mai uja anadziwa cinthu cimene ambiri saciganizira: fulasiki imene yatsegulidwa kawiri kapena katatu yataya mphamvu, ndipo pofika pakati pa ulendo ifunika madzi atsopano owira. Madzi ogula a m'botolo la pulasitiki, ngakhale aoneke oyera, naonso ayenera kuwira asanakhudze mkaka wa khanda. Tonse tikumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 ndi kupha anthu mazanamazana, mpaka bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Madzi osawira si ocita nao masewera.

Kuwoloka ulalo ndiko kulowa m'Cigawo ca Kum'mawa. Basi imakwera kudzera pa Kacholola nifika pa Nyimba, kumene nthoci zimalowa pa mazenera mikoko yathunthu. Apa mwana wamwa theka la botolo nagona, ndipo mtima wa wolera umayamba kuwerenga mtengo wa citini. Kutaya mkaka wogula ndi ndalama zovuta kumawawa, sitikana. Koma mkaka umene wakhudza kale kukamwa kwa mwana walandira malovu, ndipo m'kutentha kwa m'basi umaonongeka msanga. Usasungidwire pa Petauke. Njira yopulumutsira ndalama ndi kusungunula wocepa, wolingana ndi mmene mwanayo amamwera. Kucepetsa ufa ndi kucurukitsa madzi kuti citini cikhalitse ndi kumana mwana cakudya iye akuoneka ngati wakhuta, ndipo madzi opambanitsa angadwalitse khanda koopsa.

Alipo ena amene ali ndi firiji kunyumba, ndipo angafunse ngati sangakonzeretu mkaka usiku. M'firiji yozizira madigiri 5 kapena kucepera, mkaka wosungunula ungakhale maola 24, malinga magetsi asazime. Pocoka nao uyenera kukhala wozizira kale, m'kabokosi kosunga cisanu pamodzi ndi madzi oundana, ndipo malangizo aja amati ngakhale motero umwedwe mkati mwa maola 2. Njira imeneyi ingathandize wocokera pa Sinda kunka pa Katete, koma ya ku Lusaka siikwanitsa. Pofunditsa botolo lozizira, liimikeni m'kabakuli ka madzi otentha kosapitirira mphindi 15, mukuligwedeza kuti kutentha kufalikire. Musalifunditse kawiri. Musaliike pa dzuwa, kapena pafupi ndi injini, kapena m'khwapa kwa maola. Ndipo m'malesitilanti mukaniretu makina ochedwa microwave, cifukwa amatenthetsa mkaka mosalingana: botolo limamveka lofunda kunja pamene mkati muli malo ootcha lilime.

Ndi bwinonso kudziwa kumene kuli thandizo m'njira. Kuli cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya m'dera la Rufunsa, ca boma pa Nyimba, ca mishoni ku Minga musanafike Petauke, ndi St Francis pa Katete, cimene Aanglikani ndi Akatolika amaciyendetsa pamodzi. Khanda likayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza mobwereza, likakana kumwa, likatentha thupi, liwombo likalowa pansi kapena likafooka monga nsanza, tsikani pa cipatala coyandikira. Tikiti yotayika idzagulidwa ina. Maliro amene mukuthamangira asabale maliro aciwiri.

Madzulo mapiri a Chipata amaonekera, koma kwa ambiri ulendo sunathe; patsala njinga yamoto kapena kagalimoto ka kumudzi. Kumudziko, makamaka pa maliro, moto umakhala wotanganidwa ndi miphika ya nsima, ndipo mlendo amacita manyazi kupempha malo a kapoto kake. Apemphe ndithu. Mabotolo onse a m'njira atsukidwe ndi sopo ndi kuwiritsidwa asanagwirenso nchito. Kumene nkhuni ndi madzi ziri zosowa, kakapu kosalala nkosavuta kuyeretsa kuposa botolo lokhala ndi mphira wa pakamwa, ndipo anamwino angakuonetseni kamwetsedwe kace musananyamuke.

Otsala ndife okwera nao. Mwana akalira maola awiri timang'ung'udza, ndipo dalaivala akaima kuti agogo asungunule mkaka timayang'ana nkoloko. Pa Sande yotsatira Khrisimasi timakondwerera Banja Loyera, limene linanyamula khanda usiku kuthawira ku Ejipito. Mateyo Woyera sanachule maina a anthu amene anawapatsa madzi ndi moto m'njira, koma ulendo wotere sutheka popanda iwo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukadzakweranso basi ya kum'mawa, khalani inu wogwira mwana pamene madzi akuthiridwa, wopereka mpando wa kumthunzi, wouza kondakitala kuti adikire mphindi zisanu. Ndipo m'mphakati mwanu, mukamva kuti agogo olera wamasiye ali ndi ulendo, afunseni ngati ali ndi fulasiki. Ngati alibe, abwerekeni yanu.