Kugwada m'Fumbi Cifukwa ca Vitz

Mu Lusaka muno simungapeze motoka yogulitsa imene inavutikapo. Iliyonse imene mungaione pa Facebook, kapena itaimikidwa m'mbali mwa Great East Road ndi kapepala ka nambala ya foni pa galasi, mbiri yake ndi imodzi: mwini wake anali mayi wina wacikulire amene anali kupita nayo ku chalichi pa Sondo cabe, injini sinatsegulidwepo, ndipo akuigulitsa cifukwa ca fizi ya mwana. Papita matemu awiri ndikufunafuna kamotoka kakang'ono, ndipo za mayi wacikulireyu ndazimva kasanu ndi kawiri. Maso ndi maso sitinaonanepo.

Kuseka ndimaseka, koma kwa ine nkhaniyi si yamasewera. Ndine mphunzitsi, ndipo ndalama yogulira ndi nkhongole imene azidzadula pa malipiro anga mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, ndisanawagwire n'komwe m'manja. Nkhongole simva zakuti giyabokosi yafa. Kumene ndikhala kuli mamotoka awiri amene ali pa mabuloko kuyambira mvula ya caka catha, nkhuku zikuikiramo mazira, eni ake akulipirabe. Ine cimene ndifuna ndi kamotoka kondifikitsa kusukulu belu isanalire m'malo mokwera mabasi awiri, komanso kotengera amayi anga kucipatala mwezi uliwonse kukayezetsa shuga. Ndikagula molakwika, mwayi wina udzabwera nkhongole ikadzatha.

Timamotoka timene mphunzitsi angakwanitse timadziwika: Toyota Vitz, Honda Fit, Nissan March, Mazda Demio. Pafupifupi tonse tinayambira moyo ku Japan. Kumeneko lamulo limafuna kuti motoka iyezedwe ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako kumadya ndalama, conco ambiri amasankha kuigulitsa. Yambiri imatsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kuyendetsedwa pamsewu makilomita pafupifupi 2,000 kudzera pa Tunduma ndi Nakonde. Motero ngakhale imene akuti "yangofika kumene" yayenda kale ulendo wautali m'manja mwa dalaivala wofulumira kubwerera kukatenga ina. Koma thumba langa silifika n'komwe pa yangofikayo. Zimene ine ndimaona ndi zoti zakhala kuno zaka zinayi kapena zisanu, zadutsa m'manja awiri kapena atatu, zalawa madzi a mvula a mu Kanyama ndi maenje a m'misewu yathu, zina zagwirapo nchito ya takisi usana ndi usiku.

Za injini munthu angaphunzire pa sabata imodzi. Cimene cinandilemera ine ndi manyazi. Tinaleredwa kuti munthu akakupatsa cinthu, sucitembenuzatembenuza iye akuona. Ndiponso wogulitsa nthawi zambiri sakhala mlendo: ndi mlamu wa mphunzitsi mnzako, kapena mkulu wa kwaya kwanu. Ukangogwada kuti usuzumire kunsi, umamva, "Aa, Ba Ticha, kansi simundikhulupirira?" Pamenepo ambiri amadzuka, kusasa fumbi pa maondo, n'kulipira. Akulu sananame kuti manyazi anapha lambe.

Amalume anga, amene akalambira mu galaji, ndiwo anandimasula. Anati, "Mwanawe, iwe sukufunsa munthuyo, ukufunsa motoka. Munthu angakwiye, motoka siikwiya." Kucokera tsikulo ndimayenda ndi tochi, kamaginito, tishu yoyera ndi saka yogwadapo. Wogulitsa akayamba kudandaula, ndimamuuza mwaulemu kuti, "Pepani bambo, ndalamayi ndi yobwereka, ndiloleni ndione bwino." Amene alibe cobisa amangoseka. Mmodzi anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi maliro.

Nchito yanga nayo inandithandiza. Mwana akandibweretsera homuweki yoyera bwino, yopanda ngakhale pofufuta, ndimamupempha buku lake la m'kalasi, lija lopindika m'makona. Manambala a makilomita pa dashibodi ali ngati homuweki yoyerayo, cifukwa alipo anthu odziwa kuwabweza m'mbuyo. Buku la m'kalasi ndi malo amene thupi la munthu limakhudza tsiku ndi tsiku: labala ya popondera buleki, ciwongolero, m'mphepete mwa mpando wa dalaivala mmene amatsikira, lamba. Ndinaonapo Vitz yolemba 62,000, koma labala ya buleki itatha mpaka citsulo kuonekera, ciwongolero cili see ngati mwala wa kumtsinje. Phazi silingadye labala motero pa makilomita ocepa conco. Nthawi zina umapeza kapepala ka Cijapani komatidwa pa mphuthu ya citseko, kolemba makilomita pamene anasintha oilo, ndipo manambala ake amawerengeka ngakhale cinenero usacidziwe. Ngati wogulitsa anasunga cikalata cotulutsira motokayo ku Japan, pamakhalanso makilomita a pamene inayezedwa kumeneko. Zaka pa zikalatazo amaziwerenga potengera ulamuliro wa mfumu yao: caka ca 20 ca Heisei ndi 2008, umangowonjezera 1988.

Nthawi yoonera motoka ndimasankha ndekha: m'mawa, isanalizidwe. Cinthu coyamba ndimaika dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, ndiye kuti wina wadzuka m'mamawa kuiwotha kuti isatsokomole ine ndilipo. Injini yozizira siidziwa kunama. Ndisanalize ndimatsegula cotsekera oilo n'kuyang'ana kunsi kwake. Pakakhala zoyererako ngati mkaka wosasa, mwina madzi akulowa mu oilo, ndipo gasiketi ndiye woyamba kuganiziridwa. Pakakhala phala lakuda lomata, oilo inali kukhalitsa osasinthidwa. Radiyeta nayo imatsegulidwa injini ili yozizira basi, apo ayi munthu ungapse kumaso. Ndimafuna kupezamo madzi amtundu, ofiirira kapena obiriwira, osati a pampopi adzimbiri, pakuti timainjini ta aluminiyamu timeneti sitikhululuka tikatenthedwa.

Kenako ndimapotoza kiyi pang'ono osaliza, n'kuwerenga timagetsi ta pa dashibodi monga ndiitanira maina m'kalasi. Ka injini, ka oilo, ka ABS, ka airbag, tonse tiyenera kuyaka, kenako n'kuzima pambuyo pake. Kamene sikanayankhe ndiko kali ndi mlandu, cifukwa njira yochipa yozimitsira cenjezo ndi kucotsa babu. Poliza, wina amaliza ine nditaima kumbuyo. Utsi wabuluu ndi oilo imene ikupsa. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi. Wakuda ndi petulo wopitirira muyeso, ndipo amene akugula kamotoka kuti asunge petulo ayenera kuuopa.

Pali cinthu cimodzi cimene ndimatetezera Vitz. Ya malita 1.0 imene inayamba kupangidwa mu 2005 ili ndi masilinda atatu cabe, motero imanjenjemera pang'ono ikaima pa maloboti. Ndi cibadwa cake, ndipo ndamva anthu akuinyoza pacabe. Cimene ndimachera khutu ndi kulira kwa cheni ca mu injini pa masekondi oyamba, phokoso longa la makobiri m'citini. Likapitirira, ndiye kuti oilo inali kuiwalidwa.

Thupi la motoka limafuna dzuwa. Motoka yonyowa kapena ya madzulo imaoneka yokongola iliyonse, cikomekome ca mkuyu. Ndimaima pakona n'kuyang'ana m'mbali mwake motsetsereka, kuona ngati penti ikusintha mtundu kucoka pa citseko cina kupita pa cina. Ndimayendetsa cala m'mipata ya boneti ndi zitseko kuti ndimve ngati ili yofanana uku ndi uku. Mabauti a m'mbali mwa boneti akakhala ndi zipsera za sipanala, mbali imeneyo inamasulidwapo. Kamaginito kamamata pa citsulo, koma pamene anamatapo phala lobisira cibonyo kamagwa. Malo amene ndimakonda kwambiri ndi mu buti, pansi pa tayala ya sipeya. Okonza motoka yogundidwa kumbuyo safika kawirikawiri kumeneko, conco makwinya a citsulo amakhalabe. Matope ouma mmenemo kapena pansi pa kapeti, pamodzi ndi fungo la cinyontho limene pafyumu akulephera kuphimba, amasimba za madzi amene motokayo inasambamo. Kunsi ndimafunafuna oilo yodontha ndi dzimbiri. Kumpoto kwa Japan kumagwa cipale cofewa ndipo amathira mcere m'misewu, motero motoka ingafike kuno kunsi kutadyeka kale pamene pamwamba pakunyezimira.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pake pali manambala anayi: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya caka ca 2018. Tayala ingakhale ndi mano koma ili yokalamba ndi yong'aluka. Ikadyeka mbali imodzi, miyendo ya motoka siili bwino. Matayala anayi atsopano ndi gawo lalikulu la malipiro anga a mwezi, conco ndimawaika pa mtengo tisanayambe kunenerera.

Poyesa kuyendetsa, wogulitsa aliyense amafuna tipite pa tala yosalala, wailesi ikuimba. Ndimazimitsa wailesi, kutsitsa galasi, n'kulowera ku msewu wafumbi ndi mahampu, kumene motokayo idzakhala moyo wake wonse. Kugogoda kwa kutsogolo kumamvekera kumeneko. Pamalo otakasuka ndimapotoza ciwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono. Kukamveka kuti tha-tha-tha, CV joint yatha. Zimenezi zimakonzeka, ndi zongocotsera pa mtengo. Cimene sindikambirana ndi giyabokosi. Timamotoka tambiri timeneti tili ndi giyabokosi ya CVT, imene simadumpha magiya koma imakoka mosalala, ndipo imafuna mafuta akeake. Munthu akathiramo mafuta wamba a otomatiki, imayamba kufa pang'onopang'ono. Ndimaima, n'kunyamuka mofatsa kangapo. Ikanjenjemera ponyamuka, ikalira ngati mluzu, kapena injini ikakwera mawu koma liwiro osabwera, ndimabweza kiyi ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndimakondanso kukweza anthu atatu kumbuyo n'kupeza kacitunda, pakuti kwathu motoka ya munthu mmodzi kulibe: tsiku la maliro kapena la ukwati idzanyamula banja lonse ndi thumba la ufa.

Mapepala ndi amene amatopetsa, koma motoka yopanda mapepala abwino ndi katundu wa eni ake. Mamotoka opangidwira msika wa ku Japan ali ndi nambala ya chasisi yaifupi, yoyamba ndi zilembo monga KSP90 pa Vitz ya 1.0 ija. Nambala yodindidwa pa citsulo iyenera kufanana ndi ya pa white book, cilembo ndi cilembo, ndipo ndimaiwerenga mokweza monga ndicitira ndi nambala ya mayeso ya mwana wa Giredi 12. Dzina la pa bukulo liyenera kukhala la munthu amene waima patsogolo panga ndi NRC yake. Nkhani zakuti "mwini wake ali ku Kitwe, adzasaina mawa" ndimazimvetsera mwaulemu, koma cikwama cili cotseka.

Mwa zisanu ndi ziwiri zimene ndaona, yatsala imodzi, Vitz yasiliva ya 2008. Si yokongola. Bampa yakumbuyo ili ndi cipsera, mpando wa dalaivala unasokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu, ndipo pa dashibodi palembedwa 168,000, nambala imene ikugwirizana ndi labala ya buleki. Mwini wake, bambo wopuma pa nchito, anandiona ndikutulutsa saka yanga n'kunena kuti, "Dikirani mwanangu, pansi apo pali minga," n'kukanditengera katoni. Kenako anatulutsa kabuku kakale ka masamu mmene analemba tsiku lililonse limene anathira oilo, ndi mtundu wake. Anandiuza yekha kuti mashoki akutsogolo atopa ndipo batire siidzaona dzinja lina. Amalume anaikweza pa jeke, anagwedeza mawilo onse anayi, n'kupezanso labala ya CV joint yakumanzere itang'ambika. Tawerengera zonse zitatu ndipo bamboyo wavomera kucotsa theka la ndalama yokonzera. Pa Cisanu ndikaweruka tidzapita limodzi kupolisi kuti akaone nambala ya chasisi, kenako ku RTSA. Ndalama idzatuluka tikacoka kumeneko.