ZOOPSA ZA M'TULO ZINATSALA PANG'ONO KUPASULA MUDZI

Alipo mabvuto ena amene munthu sauza mnzace pa citsime, poopa kusekedwa. Lotere ndi la mai wina wa m'boma la Katete, amene wakhala akuopa tulo kuyambira pa utsikana wace.

Kawiri kapena katatu pa mwezi, makamaka m'bandakuca, maiyu amadzidzimuka thupi lonse liri lomangika. Dzanja silinyamuka, mau satuluka. Pa cifuwa amamva ngati amsenzetsa thumba la cimanga, ndipo pa khomo amaona cithunzithunzi ca munthu ataima cete. Ikapita mphindi imodzi kapena ziwiri zonse zimatha, iye n'kutsala thukuta liri kamukamu.

Zaka zambiri anapirira yekha. Koma pamene mwana wace wa zaka 5 anayamba kukuwa usiku, maso ali tong'o koma osazindikira mai wace, abale anati nyumba yalowedwa. Mbuzi inagulitsidwa kuti akaombeze, ndipo zala zinaloza azakhali a mwamuna wace, nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Moni anatha, ndipo ana analetsedwa kuwapititsira nsima.

Tsiku lina mwanayo atadwala malungo anapita naye ku cipatala, ndipo kumeneko maiyu anaulula zonse. Anamwino anamfotokozera kuti awa ndi mabvuto awiri osiyana, ndipo onse ndi odziwika pa dziko lonse lapansi.

Munthu akamalota, ubongo umamanga minofu yace kuti asacite ndi thupi zimene akulotazo. Nthawi zina nzeru zimadzuka thupi lisanamasulidwe, ndipo maloto amasakanizika ndi zimene maso akuona m'nyumba. Ofufuza anawerengera m'caka ca 2011 kuti anthu pafupifupi 8 mwa 100 alionse zimawacitikirapo. Kugona cagada, kusowa tulo ndi nkhawa ndizo zimacititsa kawirikawiri.

Za mwana zimacokera m'tulo tofa nato, maora awiri kapena atatu oyamba a usiku. Iye amakhala ali m'tulo ngakhale maso ali otsegula, n'cifukwa cace kukaca sakumbukira kanthu. Kutentha thupi ndi kutopa kumaonjezera bvutoli, koma ana ambiri amaleka okha pamene akusinkhuka.

Lero banjali limakhala ndi usiku mwa njira ina. Mwana amagona msanga, kutali ndi moto ndi nyali. Akayamba kukuwa samgwedeza kapena kumthira madzi, koma amangomchinjiriza kuti asabvulale kufikira atagonanso. Maiyu amagonera m'mbali. Cinthu cija cikabwera, pakuti cimabwerabe, amapuma pang'onopang'ono, nayesa kugwedeza cala cimodzi. Mwamuna wace akamva kubuula amamkhudza pa phewa, ndipo thupi limamasuka. Anauzidwanso kuti mwana akayamba kuphupha, kuluma lilime kapena kutentha kwambiri, athamange naye ku cipatala, pakuti pamenepo pangakhale khunyu kapena malungo akulu.

Cobvuta kuciza cinali bala la nkhalamba ija. Banjali linapita kwa anyakwawa ndi nkhuku kukapepesa, ndipo azakhali analandira. Koma mau akatuluka sabwerera m'kamwa: kufikira lero alipo ena amene amapatuka njira akakomana nao.

Inu owerenga, dziwani kuti lamulo la Zambia limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Wobvutika m'tulo sanama, mantha ace ndi eni eni, ndipo afunika kumvetseredwa mwacifundo. Koma musanaloze cala munthu wokalamba cifukwa ca zimene mnzanu waona pakati pa tulo ndi kudzuka, yambani mwafunsa ku cipatala.