KUFUNA-FUNA UKULELE WENI-WENI PA CISUMBU CA OAHU

Munthu atati akumbe dzenje mu mzinda wa Honolulu, nalipitiriza moongoka kupyola pakati pa dziko lapansi, akatulukira m'dziko la Botswana. Ndiko kutalika kwace kwa zisumbu za Hawaii. Pamene dzuwa liri paliombo ku Lusaka, ku Honolulu kumakhala kuli pakati pa usiku, popeza nthawi ya maiko awiriwa imasiyana ndi maola 12. Zisumbuzi ziri pakati pa nyanja yamcere ya Pacific, makilomita oposa 3,500 kucokera ku gombe la California, ndipo zakhala cigawo ca dziko la United States kuyambira caka ca 1959.

Alendo ambiri amatsika ndeke pa cisumbu ca Oahu nalunjika ku Waikiki, kumene mahotela atali-atali andanda m'mbali mwa gombe. Kale malowa anali dambo la minda ya mpunga ndi maiwe a nsomba, kufikira pamene ngalande ya Ala Wai inakumbidwa m'zaka za m'ma 1920 niumitsa dambolo. Lero mseu wa Kalakaua Avenue uli wodzaza ndi masitolo, ndipo pafupi-fupi m'sitolo iri yonse ya alendo mwapacikidwa kagitala kakang'ono ka nsambo zinai kochedwa ukulele. Tina ntofiira, tina ntobiriwira, tina anatijambula maluwa ndi mitengo ya kanjedza. Mtengo wace ndi madola ocepa cabe, ndipo mlendo wothamangira ndeke amagula mosacedwa. Koma akatembenuza nayang'ana m'kati mwa bowo, kawiri-kawiri amapeza kuti kanthuko kanapangidwa m'fakitale ya ku Asia ndipo kanafika pa cisumbupo pa sitima, monga momwe sopo ndi macisa zimafikira. Ena mwa maukulele otere amalira ndithu, ndipo mwana angaphunzirirepo. Ena ndi zidole cabe zimene nsambo zace zimakhwepa munthu asanatsirize nyimbo imodzi.

Wofuna ukulele weni-weni ayenera kulifulatira gombe ndi kulowa m'tauni, ndipo ulendo umenewo umamuphunzitsa mbiri ya cisumbuci koposa momwe mabuku a alendo angacitire.

Coyamba kudabwitsa nciti? Coimbira cimene dziko lonse limati nca Hawaii cinabwera ndi anthu a nchito ya m'minda ya nzimbe. M'mwezi wa August 1879, combo cochedwa Ravenscrag cinakoceza pa doko la Honolulu citayenda miyezi inai kucokera ku cisumbu ca Madeira, ca dziko la Portugal. Cinanyamula anthu oposa 400 olembedwa nchito ndi eni minda ya nzimbe. Pakati pao panali amisiri atatu a matabwa, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo. Atatsiriza zaka za pangano lao m'minda, atatuwa anatsegula nyumba za nchito mu Honolulu, napanga mipando ndi zoimbira za kwao. Ku Madeira kunali kagitala ka nsambo zinai kochedwa machete ndi kena ka nsambo zisanu kochedwa rajão. Amisiriwa anatenga thupi la koyambako ndi kakungidwe ka nsambo ka kaciwiriko, nasema zonse ndi mtengo wa pa cisumbupo. Eni dziko anakacha ukulele, dzina limene ambiri amalimasulira kuti nthata yolumpha, kaamba ka zala za woimba zimene zimalumpha-lumpha pa nsambo.

Kanthu ka anthu odula nzimbe sikakanachuka msanga cotero pakanapanda mfumu. Pa mseu wa King Street paima nyumba yacifumu ya Iolani, yomwe Mfumu David Kalakaua anatsiriza kumanga mu 1882. Munalowa magetsi mu 1887, White House ya ku Washington isanakhale nao. Kalakaua anali wokonda nyimbo ndi magule a makolo, makamaka hula, gule amene amishoni anali atamunyoza kwa zaka zambiri kuti ngwacikunja. Mfumuyi inabwezera guleyo pabwalo, ndipo inalola ukulele kulira pamodzi naye pa madyerero a kunyumba yacifumu. Kucokera pamenepo sanaonedwenso ngati cinthu ca alendo.

Koma woyendera nyumbayi samatuluka akumwetulira. Pamwamba pali cipinda cimene Mfumukazi Liliuokalani, mlongo wace wa Kalakaua, anatsekeredwamo pafupi-fupi miyezi isanu ndi itatu mu 1895. Iye anali atalandidwa ufumu mu January 1893 ndi kagulu ka azungu a malonda ndi a minda ya nzimbe, asilikari a America ataima pafupi ndi mfuti zao. Mu 1896 cilankhulo ca Hawaii cinaleka kukhala cophunzitsira m'masukulu, ndipo mu 1898 America anatenga zisumbu zonse. Panapita zaka 100 kuti nyumba ya malamulo ya America ipepese, mu 1993. Mfumukaziyi inali katswiri wopeka nyimbo, ndipo ndiyo inapeka "Aloha Oe" mu 1878, nyimbo imene alendo amaimva m'mahotela osadziwa konse za mwini wace. Nzimbe zimene zinacititsa zonsezi nazo zinatha: cigayo cotsiriza ca shuga, pa cisumbu ca Maui, cinatsekedwa mu December 2016.

Kuyenda pang'ono kucokera ku nyumba yacifumu, m'dera la Kakaako, pa mseu wa South Street pali nyumba yosaoneka bwino kweni-kweni, imene munthu angaipitirire poyesa kuti ndi mosungira katundu. Imeneyi ndiyo fakitale ya Kamaka. Samuel Kamaka anayamba nchitoyi mu 1916, caka cimodzi citapita cionetsero cacikulu ca ku San Francisco kumene oimba a ku Hawaii anacititsa anthu a ku America kupenga ndi ukulele. Malonda anakula motero kuti mafakitale a ku America anayamba kupanga ao, ena nalemba monama kuti ngocokera ku Hawaii. Cinyengo cimene mlendo amacenjera naco lero ncakale ndithu. Amisiri ambiri a pa cisumbupo anagwa m'zaka za njala ya ndalama ya m'ma 1930, koma Kamaka anapirira. Mu 1928 analembetsa ku boma ukulele wa thupi lobulungira ngati nanazi, umene ukali kupangidwabe. Banja linasamukira pa South Street mu 1959, ndipo adzukulu ace akali pa nchito yomweyo.

M'kati mwace mumanunkha utuci ndi vanishi. Matabwa amaunjikidwa bwino-bwino, mphepo ikupita pakati pao, ndipo amakhala zaka zinai akuuma mmisiri asanawakhudze. Kenaka amacekedwa mopyapyala, a m'mbali napindidwa pa moto, ndipo la pamwamba, limene limatulutsa mau, limapalidwa pang'ono-pang'ono kufikira litayenera. Apa pali nkhani yoyenera kuikumbukira. Mu 1955 fakitaleyi inalemba nchito anthu awiri osamva, pa nthawi imene olemba nchito ambiri sanali kufuna ngakhale kuwayang'ana. Kunapezeka kuti pogogoda thabwa ndi cala, iwo anali kuzindikira kucindikala kwace mwa kunjenjemera kumene anali kumva m'manja, mwina kuposa anzao a makutu abwino. Fakitale inalembanso ena ambiri otere, ndipo kwa zaka zambiri nyimbo za Hawaii zinali kucokera m'manja mwa amisiri amene sanazimvepo.

Mtengo umene amasema ndi koa. Uli wa banja limodzi ndi mthethe ndi msangu, ngakhale ulibe minga, ndipo sumera mwacibadwa kwina kuli konse koma ku Hawaii. Thabwa lace ndi lofiirira, la mizere yonyezimira ngati madzi a mtsinje dzuwa likamalowa. Makolo a kumeneko anali kusema nao mabwato a panyanja. Tsoka la koa linayamba mu 1793, pamene Captain George Vancouver anapatsa Mfumu Kamehameha ng'ombe ngati mphatso. Ng'ombezo zinaswana m'mapiri, nizidya mphukira za mitengo, ndipo pambuyo pace eni ziweto anagwetsa nkhalango kuti apeze mabusa. Lero koa wamkulu ngosowa, ndipo wambiri amene amafika kwa amisiri ngocokera ku mitengo yakufa kapena yakugwa yokha pa cisumbu cacikulu ca Hawaii. Ncifukwa cace ukulele wa Kamaka umagulidwa madola oposa 1,000. Amisiri ena, monga a Kanilea ku Kaneohe, anayamba kubzala okha mitengoyi, podziwa kuti wobzala koa lero sadzasema yekha thabwa lace. Kanilea, Kamaka, KoAloha ndi Koolau ndiwo maina anai amene oimba a pa Oahu amawachula mwaulemu.

Posankha, wogulitsa wodziwa nchito yace amayamba wafunsa za manja a wogula asanafunse za thumba lace. Maukulele ali a misinkhu inai. Wocepetsetsa, soprano, ngotalika masentimita 53 ndipo ndiwo uli ndi mau akale aja, okuthwa ndi osangalala. Concert ndi tenor ngokulirapo, ndipo oimba a pa nsanja monga Jake Shimabukuro amakonda tenor. Baritone, wamkulu pa yonse, umalira ngati gitala. Wogula wanzeru amayang'ana ngati khosi liri loongoka, amayendetsa cala m'mbali mwa tizitsulo ta pa khosi kuti amve ngati tikukanda, ndiponso amaliza nsambo iri yonse kucokera kumutu kufikira pafupi ndi bowo. Afunsenso ngati thupi ndi la thabwa lathunthu kapena la timatabwa tomata tokutidwa ndi khungu la koa pamwamba. Maso sangathe kusiyanitsa msanga, koma makutu amasiyanitsa, ndipo mtengo wogulira umasiyana kutali.

Zoona zina pa Oahu nzambiri. Ku Pearl Harbor kuli cikumbutso comangidwa pamwamba pa sitima ya nkhondo ya Arizona, imene ndeke za Japan zinaimiza pa 7 December 1941 pamodzi ndi anthu 1,177. Kum'mawa kwa Waikiki kuli phiri la Diamond Head, limene kale-kale linaphulika moto. Amalinyero a ku Britain analipatsa dzinali atatola timiyala tonyezimira poyesa kuti ndi daimondi, koma tinali timiyala wamba. Njira yokwerera inakonzedwa ndi asilikari mu 1908, ndipo kuyambira 2022 mlendo ayenera kulembetsa dzina pasadakhale. Patsinde pa phirili pali bwalo la Kapiolani Park, pomwe mphunzitsi Roy Sakuma anali kucititsa cikondwerero ca ukulele caka ndi caka kuyambira 1971, ana mazana-mazana akuliza pamodzi. Cikondwereroco cinatsekedwa mu 2022, koma pa Sabata madzulo mabanja amakhalabe pansi pa mitengo, nyama iri pa makala, ndipo sipasowa nkhalamba yokumbatira ukulele wakale wocubuka pamene cala cakhala cikupala kwa zaka makumi.

Bvuto lotsiriza liri pa ulendo wobwerera. Ukulele sulowa m'katundu wa pansi pa ndeke. Mwini amaunyamula m'manja, m'bokosi lolimba, nsambo atazikhwefula pang'ono. Ndipo thabwa lokulira mu mphepo ya cinyezi ya panyanja limaopa cilala. Woufikitsa ku Cipata kapena ku Lusaka m'mwezi wa October aike kasiponji konyowa m'kacitini kobooka m'kati mwa bokosilo, nakanyowetse sabata iri yonse kufikira mvula itagwa, cifukwa koa akauma mopitirira amang'aluka kucokera pa bowo kutsikira kumunsi.