Chitini cha agogo a Keyala

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la kuchipinda kwa agogo anga aakazi ku Jali, m'boma la Zomba, ine ndinapatsidwa ntchito yotulutsa katundu m'matope. Amalume ankanyamula zolemera, ine zopepuka, poti kumudzi amati manja a munthu wa pa kompyuta ndi ofewa. Pansi pa bedi ndinapeza chitini cha mabisiketi chadzimbiri, chomangidwa ndi chingwe cha mphira.

"Chimenecho musatsegulire pamvula, amuna anga," anatero agogo. Ndi mmene amandiitanira chibadwire changa.

Tinakatsegulira pakhonde. Munali zigoba 7 za zipolopolo, zamkuwa koma zitada bii. Chimodzi chinali chotseka ndi kamtengo, ndipo nditazula kamtengoko ndinayetsemula: fodya wam'mphuno wa zaka kaya zingati. Munalinso lamba wansalu wa matumba 5, ndi chidutswa cha katoni chophwatalala, zilembo zake zitafufuta.

Zonsezi zinali za bambo awo a agogo, amene ife adzukulu timangowatchula kuti agogo a Keyala. Keyala ndi mmene anthu akale ankatchulira KAR, gulu la asilikali la King's African Rifles. Anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo zomwe banja linasunga za iwo zinali zochepa: anapita kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse ali mnyamata, anabwera ali wowonda, ndipo akalawa kachasu ankasimba za dziko la mvula yosakata kumene njovu zimagwira ntchito yonyamula mitengo. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Njovu kulembedwa ganyu? Nkhani imeneyi ndi yomwe inawapatsa mbiri ya bodza m'mudzi monse, moti mpaka lero mwana akakokomeza nkhani kwathu amamuuza kuti wayamba za njovu.

Amalume sanachedwe kuona ndalama. Anati anyamata ogula zitsulo zakale amalipira bwino mkuwa, ndipo khoma likufuna simenti. Sindikuwanena, khomalo linalidi pansi. Ndinangopempha kuti andipatse sabata imodzi.

Nditabwerera ku Blantyre ndinatsuka chigoba chimodzi ndi mswachi wakale, n'kuona kuti kunsi kwake kuli zilembo zozungulira. Poyamba ndinkayesa ndi zokanda chabe. Nditafufuza pa intaneti ndinadabwa kupeza kuti kunja kuno kuli anthu, makamaka ku Britain ndi ku America, amene moyo wawo wonse amatolera zinthu zimenezi monga ena amatolera masitampa, ndipo zilembo za kunsizo amaziwerenga ngati chiphaso chobadwira. Zimanena fakitale, chaka, ndi mtundu wa chipolopolo.

Zathuzi ndi za .303, chipolopolo cha mfuti ya Lee-Enfield imene asilikali a Britain ndi a maiko amene Britain ankalamulira ananyamula pa nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu. Pa zonse 7 pali VII, kutanthauza Mark VII, mtundu wa nsonga yosongoka umene unayamba mu 1910. Ziwiri zili ndi R ndi L, pakati pake kachizindikiro konga phazi la nkhuku, komwe ndi chidindo cha katundu wa boma la Britain. Zimenezo zinapangidwa ku Royal Laboratory, ku Woolwich mu London. Chimodzi chili ndi U, cha ku South Africa. Zinayi zotsalazo, kuphatikizapo cha fodya chija, zili ndi K, phazi la nkhuku lija, F, ndi 43.

KF ndi Kirkee, fakitale ya zipolopolo pafupi ndi mzinda wa Pune ku India. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndinayamba kuwerenga za nkhondoyo ngati ndili ndi mayeso mawa. Asilikali a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division, lomwe linakaphunzira kumenya nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, lero Sri Lanka, kenako mu 1944 linalowa mu Burma kukamenyana ndi a Japan. Anatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu, m'matope ndi malungo, mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chakacho. Ndipo njovu? Zinaliko, abale. Ku Burma njovu zakhala zikukoka mitengo kuyambira kale, ndipo pa nkhondoyo asilikali a Britain ankazigwiritsa ntchito pomanga milatho. Mkulu uja anasekedwa zaka zonse zija chifukwa chonena zimene anaona ndi maso ake.

Ndisanamizire zigoba: pazokha si umboni woti munthu anafika ku Burma. Zipolopolo zinkayenda m'sitima kupita kulikonse kumene kunali nkhondo, ndipo cha ku India chikanatha kugwera m'manja mwa msilikali ali ku Mombasa. Koma mukaika pamodzi India, 1943, mvula yosakata ndi njovu, ine mtima wanga unakhazikika.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti otolera aja nthawi zambiri amasirira katoni kuposa chipolopolo. Zipolopolo zinapangidwa mamiliyoni osawerengeka ndipo mkuwa suola, pomwe katoni msilikali ankang'amba n'kutaya, kapena kuyatsira moto. Chidutswa chathu chija chimangowerengeka ".303" ndi theka la mawu ena, koma chinapulumuka chiswe cha ku Jali zaka pafupifupi 80. Lamba wansalu uja nayenso ndi chopakiramo: thumba lililonse linkalowa timagulu tiwiri ta zipolopolo zisanuzisanu zomangidwa pa kachitsulo, lamba yense 50. Mfutiyo inkadya 10, ndiye kuti thumba limodzi linali kudzaza kamodzi. Agogo anga akhala akusungiramo mbewu za maungu ndi therere kuyambira ali mtsikana.

Komabe pali china chimene chimandivuta ndikamawerenga zolemba za otolerawa. Amakangana za kukula kwa chilembo, za mtundu wa utoto wozungulira kabatani ka kunsi, koma munthu amene ananyamula mfutiyo satchulidwa. Ine ndikayang'ana kabatani kameneko pa zigoba zathu ndimaona kachibowo pamene msomali wa mfuti unamenya. Kasanu ndi kawiri chala cha bambo wa agogo anga chinakoka. Mwina kunali kophunzira chabe, kuwombera chikwangwani. Mwina ayi. Ndipo atabwerako, asilikali achikuda analandira ndalama yotsanzikira yochepa kuyerekeza ndi azungu amene anali nawo m'matope omwewo. Zimenezi sizilembedwa kunsi kwa chigoba.

Sabata itatha ndinabwerera ku Jali ndi nkhani yanga ya njovu. Agogo anamvetsera osaphethira, kenako anati, "Ine ndinkadziwa. Bambo anga bodza ankanama pa nkhani ya ndalama basi." Atatero analowetsa chala m'thumba lomaliza la lamba uja, pansi pa mbewu za maungu, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kansanza.

Chinali chipolopolo chathunthu. Nsonga ilipo, kabatani kosamenyedwa.

Thupi langa linazizira. Mkati mwa zoterezi muli cordite, mankhwala ophulika okhala ngati timitengo ta spaghetti, ndipo ukalamba sutanthauza kuti anafa. Chitaponyedwa pamoto chikhoza kuphulika n'kuvulaza amene ali pafupi, ndipo pakhomo pa agogo pamasewera ana a msuweni wanga atatu amene chilichonse chonyezimira amathamangira nacho kukhitchini. Komanso malamulo a dziko lino salola munthu kusunga chipolopolo popanda chilolezo, kaya ndi cha chaka chiti.

Ndinawafotokozera zonsezi. Anakana.

"Ichi anandipatsa m'manja akudwala. Anati, ichi ndi chimene sindinawombe. Ndiye inu mukapereke kwa apolisi ngati ndaba?"

Ndinafunsa kuti ankatanthauza chiyani ponena kuti sanawombe. Agogo anati sanafunse, mwana wamkazi sankafunsa bambo ake zotero. Mwina panali munthu kutsogolo kwa mfuti tsiku limenelo amene anapita kwawo wamoyo. Mwina nkhondo inangotha chili m'thumba. Tinakhala chete nthawi yaitali, nkhuku zikutola mbewu zomwe zinagwa pansi.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi amalume, omwe aja a simenti. Anakhala pansi pafupi ndi mayi awo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, ngati agogo anakana kuti chiphe munthu ku Burma, chidzaphe mdzukulu wanu pa Jali pano?" Agogo sanayankhe. M'mawa mwake ndinapeza kansanza kaja pa mpando wanga.

Ndinachijambula mbali zonse, kunsi komwe: K, F, 43. Kenako ine ndi amalume tinayamba tauza amfumu, n'kupita nacho kupolisi. Wapolisi amene tinamupeza anachitembenuza kangapo, nati sanaonepo chakale chotere, analemba m'buku, basi.

Zigoba 7 zija ndinagula kwa amalume pa mtengo wa thumba limodzi la simenti, womwe ndikudziwa kuti ndi woposa umene anyamata a sikelo akanapereka. Zili pa shelefu kwanga ku Blantyre pamodzi ndi chidutswa cha katoni chija, chomwe ndinachiika m'pulasitiki kuopa chinyezi. Sindizipukuta kuti ziwale, otolera amati kutero n'kuziwononga, ndipo cha fodya chija ndinachisiya ndi fodya wake. Mnzanga wina wa ku Karonga, kumene kunamenyedwa nkhondo ndi Ajeremani mu 1914, wandiuza kuti kwawo anthu amatolabe zigoba polima, ndipo walonjeza kundibweretsera chimodzi. Ndamuuza kuti ayambe wayang'ana kabatani.

Lamba uja agogo anakaniza. Akuti mvula ikubwerayi adzafuna mbewu zawo.